Ndalama Zathu Zasanduka Mwala

Silverest, Chongwe
24 Novembala 2025

Okondedwa alongo anga a Benedict,

Ndikhulupirira kuti muli bwino ku Gaborone kumeneko pamodzi ndi alamu ndi ana. Kuno tili moyo, mvula yayamba, ndipo amayi akudya bwino. Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni chifukwa pa foni mumandidula mawu. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto, kukalipa kubwere pambuyo.

Nkhani ndi ya K30,000 ija munatumiza mu Malichi kuti kampani yathu youmba mabuloko izikhala ndi pothawira zinthu zikavuta. Mawu anu sindinawaiwale. Munati ndikadzaziwononga mudzagulitsa makina, kampani itsekedwe, azibambo asanu amene timawalemba ntchito akasake kwina. Choncho dziwani poyamba kuti sindinadyepo ngakhale ngwee imodzi. Ndalamazo zilipo, kungoti sizikutheka kutuluka pakhomo.

Mukudziwa kuti ife tilibe kokabwereka. Nditapita ku banki chaka chatha, mnyamata wa tayi anandifunsa kuti, "Ba madamu, muli na taito ya poloti?" Ndinamuonetsa kalata yogulana malo, iye n'kuigwira ndi zala ziwiri. "Iyi si chikole. Na mashini yanu ni yakale, tingaichite nayo chani?" Ndinatuluka ndi kalendala yokha. Ndiye ndalama zanuzo ndinazisunga mu akaunti mwaulemu wonse, ngakhale mwezi uliwonse banki inkadulako pang'ono, mtengo wa simenti nawo ukukwera.

Cholakwa changa chinali kuuza amayi. Ndinkafuna mtima wawo ukhale pansi, koma iwo chimwemwe chinawakulira, n'kukapereka Misa yothokoza. Pakapepala kopereka kwa akatekisi analembapo zonse, ndipo Lamulungu akatekisi anawerenga pa maikolofoni kuti banja lathu likuthokoza Mulungu chifukwa kampani ya ana awo yasunga zikwi makumi atatu zimene sizikugwira ntchito iliyonse. Tchalitchi chonse chinaomba m'manja. Nditawafunsa amayi chomwe analembera nambala, anati, "Manje Mulungu azaziba bwanji vamene niyamikira ngati sinakambe zingati?"

Alongo anga, sindinkadziwa kuti tili ndi abale ochuluka chonchi. Lolemba m'mawa ndinapeza anthu atatu atakhala pa mabuloko kundidikira. Wina amafuna za feteleza, wina za sukulu, wina sanadziwe n'komwe chomwe amafuna koma anati achiganizira ali pamzere. Ovuta kwambiri anali azakhali a Lister a ku Bundabunda. Iwo anandikokera pamaso pa amayi n'kunena kuti, "Doris mwana wanga, kamba apa pamaso pa amai bako kuti ulibe ndalama." Inu mukundidziwa, ndimatha kunamiza aliyense koma osati amayi akundiyang'ana. Ndinapempha sabata imodzi yoganiza.

M'sabata imeneyo ndinatapa ndalama zonse, n'kubwezerapo zochepa zimene banki inadula, n'kugula simenti, matumba 200 pa K150 lililonse. Musafulumire kugwira mutu, nzeruyo inali yabwino. Simenti banki siidula, mtengo wake sutsika, zikafunika ndalama imagulika tsiku lomwelo, ndipo palibe azakhali amene angaimange pa chitenje n'kukwera nayo minibasi. A Lister atabweranso ndinalumbira ndi mtima woyera kuti ndilibe ndalama. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, mpaka lero moni wanga amayankha ndi mphuno.

Kuntchito kuno kulibe chipinda chokiya, ndiye simentiyo ndinakaisunga kunyumba kwa amayi ku Chalimbana, m'chipinda chanu, chija amachikiya chaka chonse kudikira inu. Bedi lanu tinaliimika kukhoma, matumba n'kuwasanja mpaka pafupi ndi denga. Ndinawauza amayi kuti asatsegule, asauze munthu, ndipo asaperekenso Misa. Pofika Okutobala thumba linali pa K170. Ndinkayenda modzimva, ndipo ndinatsala pang'ono kukuimbirani kuti mundiyamikire.

Pa 10 mwezi uno magetsi anabwera mwamphamvu atazima tsiku lonse, mota ya makina n'kupsa. Yatsopano ndi K9,000, malipiro a antchito mwezi uno ndi K8,000, ndipo makasitomala athu a m'boma onse akuti tidikire alandire. Sindinade nkhawa. Ndinagwirizana ndi wa sitolo ya zomangira kuti agule matumba zana, ndinabwereka lole, n'kunyamuka ndi a Matthias, akapitawo athu.

Titatsegula chitseko, kuwala kunatilandira kuchokera kumwamba. Mphepo ya mvula yoyamba inali itakanganula lata limodzi, lomwe lija lapamwamba pa bedi, lomwe munalonjeza kukhoma mu 2022, n'kulonjezanso mu 2023. Sindikukuimbani mlandu, ndangotchula zaka. Mvula inagwa masiku anayi ikulowa momwemo. Ndinawafunsa amayi ngati sanamve kudontha. "Ninamvela," anatero, "koma unakamba kuti nisasegule."

A Matthias anakwera pamwamba ndi hamala n'kumenya thumba limodzi. Hamala inadumpha. Anamenya lachiwiri, lachitatu, kenako anavula chipewa n'kunena kuti, "Ba Doris, kuchokera pamene tinayamba kampani, iyi ndiye buloko ikulu yamene tapangapo." Woyendetsa lole anaseka mpaka kukhala pansi. Ine sindinaseke.

Tinapulumutsa matumba makumi anayi a pafupi ndi chitseko, ndipo ndinawagulitsa K6,800. Otsalawo agwirana kukhala mwala umodzi, bedi lanu lili kuseri kwake. A Matthias akuti kuti mwalawo utuluke mpofunika kugwetsa khoma. Amayi akuti khoma la chipinda cha mwana wawo silikhudzidwa, ndipo ayalapo kansalu n'kuikapo maluwa. Anthu a kutchalitchi akumabwera kudzaona. Azakhali a Lister anabwera kawiri, ulendo wachiwiri ndi anzawo.

Ndinapita kwa bambo wina wobwereketsa ndalama za kaloba, koma anati pa K10,000 ndidzabweze K15,000 mwezi ukatha, ndipo chikole chikhale makina omwewo. Ndinadzuka osatsanzika. Ndikudziwa kuti mukanandiuza kuti ndikuimbireni, koma ndikudziwanso kuti ndalama zija munazisonkhanitsa zaka ziwiri mukugwira ntchito ndi Loweruka lomwe. Ndinachita manyazi, ndipo ndikuchitabe.

Komabe mtima ukhale m'malo. Mota yatsopano tamanga, makina akulira kuyambira Lachinayi, ndipo Lachisanu likubwerali azibambo onse asanu alandira malipiro awo athunthu. Sindinakongole kwa munthu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija ananditumizira ndi yokongola. Ana muwapsompsone. Amayi akuti muzivala juzi. Justin, bwenzi langa, nayenso akupereka moni mwaulemu. Suti ija munati mugula yodzavala pondiperekeza kuguwa pa 20 Disembala, musagule kaye. Ndalama zomwe ine ndi Justin tinasunga za holo ndi chakudya cha alendo ndi zimene zagula mota ndi kukwaniritsa malipiro, ndiye ukwati tausunthira chaka chamawa, mwezi sitinaudziwe. Justin sanadandaule, anangoti anadikira kale zaka zitatu, china chimodzi sichimupha. Ine ndinalira, sindikubisirani. Diresi ndalipinda bwinobwino n'kuliika m'sutikesi.

Ndalakwa, alongo anga, ndipo chilichonse chimene munganene ndichilandira. Koma azibambo aja sakudziwa za mawu anu ogulitsa makina, ndipo sanalakwe kanthu. Ngati mtima wanu ukadali pomwepo, ndiuzeni ine ndekha Lachisanu lisanafike, kuti ndidziwe ngati powapatsa malipiro ndiwauze kuti tionana Lolemba.

Ndine mlongo wanu wokukondani, wosakwatiwabe,

Doris