Bambo Garnside Sanagwe

Etobicoke, Toronto
14 Okutobala 1974

Okondedwa achimwene a Overtone,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Ine thupi lili bwino, koma mtima uli m'mwamba, ndipo ndinu nokha mungandimvetse poti mpira mumaudziwa.

Kunyumba ya okalamba kumene ndimagwira ntchito kuli Bambo Garnside, Mngelezi amene anali goloboyi wolipidwa kwawo nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangotha. Zala zawo n'zokhotakhota ngati chinangwa chifukwa chothyokathyoka pagolo. Masiku ano mutu sukuyenda bwino. Dzina la mwana wawo amaliiwala, koma chinthu chikamagwa, kaya supuni kaya kapu, amachidumphira. Kangapo konse tawatola pansi. Amatroni analamula kuti asamayandikire mpira, ndipo anati akadzagwanso azidzamangidwa pampando ndi malamba tsiku lonse, ngati agogo ena amene ndimawadyetsa akungoyang'ana khoma.

Loweruka ndinawatulutsa Bambo Garnside kukawothera dzuwa. Tsidya la msewu Ataliyana amasewera mpira, ndipo akuluwa anandikoka dzanja mpaka tinakaima kuseri kwa golo. Sindinakane, ndiponso ndinasangalala kuwamva akukalipira osewera. Kenako mpira unaphonya golo n'kulunjika kumaso kwanga. Ndisanaphethire n'komwe, iwo anali atauluka kale. Anaugwira, achimwene, ndi manja onse awiri, koma phewa linathyoka.

Wakuntchito palibe anaona. Amatroni akuganiza kuti anaterereka pakapinga wa panyumba, ndipo mawa akufuna ndikafotokoze. Ndikavomera zimenezo, ntchito yanga yapulumuka koma iwo alowa m'malamba. Ndikanena zoona, mlandu ukhala wanga, osati wa miyendo yawo, ndipo chilolezo changa chokhalira kuno chimadalira ntchito yomweyi. Mercy, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, akuti nditseke pakamwa, poti nkhalambayo yaiwala kale zonse.

Sanaiwale. Lero kuchipatala dzina langa linawasowa, koma anandigwira mkono mwamphamvu n'kunena kuti, "Mtsikana iwe, ukawauze kuti sindinagwe. Ndinaugwira."

Ndikuchita mantha kwambiri, koma amatroni ndikawauza momwemo.

Mundiperekere moni kwa alamu, ana, ndi a kwaya onse. Amayi muwauze kuti mwina Khirisimasi ino tidyera limodzi, koma chifukwa chake musawauze. Asiyeni asangalale.

Ndine mlongo wanu,
Vainess