Khoma Lopanda Mtovu

Bolgatanga
9 Febuluwale

Okondedwa achimwene Adongo,

Ndikupatsani moni nonse kumeneko ku Takoradi. Kodi alamu anga ndi ana ali bwanji? Nanga msana wanu uja unasiya kuvuta? Kuno tilipo, kungoti fumbi latikwana. Amayi akutsokomola pang'ono, koma akudya bwino.

Ndasankha kalata chifukwa pa foni ndikanangolira.

Mukudziwa kuti ndatha zaka zinayi ndikujambula anthu ekisire pachipatala cha amalume Ayamga. Lamulo limati khoma la chipinda chojambuliramo likhale ndi mtovu mkati, kapena likhale lochindikala ndithu, kuti cheza cha makina chisadutse. Lathu ndi la njerwa imodzi basi. Chaka chatha, oyendera makina ochokera ku Accra asanafike, amalume anakhoma matabwa pakhomapo n'kupaka penti, kenako anandipatsa chikalata chonena kuti mtovu ulimo. Achimwene, ndinasaina. Ndinkadziwa, koma ndinasaina.

Kuseri kwa khoma limenelo kunali sitolo yosungiramo makatoni, ndiye ndinkadzitonthoza kuti katoni sadwala. Koma mu Okutobala amalume anachotsa makatoniwo n'kuikamo tebulo la makadi a odwala. Amene amakhala patebulopo, msana atatsamira khoma lomwelo, ndi mng'ono wanga Asibi. Ntchitoyo ndinamupemphera ndine. Panopa ali ndi pakati pa miyezi isanu.

Ife ojambula timavala kabaji koyeza cheza chimene thupi lalandira. Ndinamata kabaji kena kuseri kwa mpando wa Asibi, iye osadziwa, ndipo patatha miyezi itatu ndinakatumiza koyezetsa pamodzi ndi kanga. Zotsatira zafika Lolemba. Kake kalandira kuposa kanga, ine amene ndimagwira makinawo.

Ndinapita nazo kwa amalume. Anaseka, amvekere, "Iwe Lariba, chinthu chosaoneka, chosanunkha, n'chimene chikukuwondetsa? Wagwa ndani pano?" Nditati tisunthe tebulo lokha, anati anthu ayamba kufunsa chifukwa. Anandikumbutsanso amene anatilera bambo atamwalira, ndi mwini nyumba imene amayi akugonamo.

Tsiku lomwelo ndinasuntha tebulolo ndekha, kunamizira kuti pakhonde pali kamphepo. Asibi analibweza mawa lake. Akuti, "Akulu anga, mukufuna fumbi lindisandutse mzukwa?"

Ndikamuuza zoona, mukumudziwa mwamuna wake Akolgo: adzafika pachipatala ndi chikwanje, tawuni yonse imve. Ndikakhala chete, wodwala aliyense amene ndikumuuza kuti agwire mpweya, ndikudina batani ndikudziwa amene ali kuseri. Sabata ino ndabweza anthu asanu ndi mmodzi, kuwanamiza kuti makina atentha. Mmodzi anali mayi wothyoka mwendo, anabwera pa njinga yamoto kuchokera ku Zuarungu. Ndinamuona akumukwezanso akubuula.

Oyendera aja akubweranso Lachinayi la sabata yamawa. Chikalata chatsopano chili m'chikwama changa. Ndikasaina, ndapereka mwana wa Asibi. Ndikakana, atseka chipindacho, afukula bodza la chaka chatha, chiphaso changa cha ntchito andilanda, ndipo amalume atulutsa amayi m'nyumba.

Chonde achimwene, bwerani lisanafike Lachitatu. Mudzanene kuti alamu akudwala, akufuna Asibi akawathandize, mumutenge. Kenako mudzakhale pafupi nane polankhula ndi amalume. Inu amakuopani pang'ono. Ine akandiyang'ana amangoona kamtsikana kamene anakagulira yunifolomu.

Sindikudziwa ngati mwanayo wavulala. Mwina ayi. Buku limene tinkaphunzira kusukulu ya ntchitoyi limati nthawi zambiri savulala, koma buku si mlongo wanu. Dzulo masana Asibi anagwira dzanja langa n'kuliika pamimba pake kuti ndimve mwana akusuntha. Anasuntha kawiri. Asibi ankaseka, akuti akabadwa wamkazi adzamutcha dzina langa.

Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana. Kwa amayi musatchule kanthu. Mulungu akusungeni, ndipo akutsegulireni njira yofika kuno.

Ndine mlongo wanu,
Lariba