Bikoni pamanda a ambuye ako

Mwana wanga Tisa,

Moni kuchokera kuno ku Chalimbana. Tili bwino, kungoti mawondo a atate ako akuvutabe.

Unapempha kuti tikujambulire malire a munda wathu, uike m'buku lako la digiri ya udokotala wa zamalamulo. Loweruka tinazungulira ndi foni, atate ako akuloza chulu, mtengo wa msuku, mpaka pamanda a ambuye ako. Pamenepo tinapeza bikoni ya simenti yosonyeza malire, yoikidwa ndi anthu ogulitsa mapuloti! Atate ako anafuna kuizula. Ine ninati, "Isiyeni, aTembo, tiijambule. Tinaphunzitsiranji mwana?"

Maliza msanga maphunzirowo, mwanawe. Msuku sungapite kukhoti kukatichitira umboni, udzatiyankhulira ndiwe. Mulungu akusunge kumeneko.

Ndine amai ako,
Esnart