Khomo la selo lamutsegukira koma mkazi wanga akukana kutuluka

Tembwe, 14 Okutobala 1993

Aphungu,

Lolemba lapitali asikauti oteteza nyama zakutchire anagwira mkazi wanga Damaris pamodzi ndi anzake a mpingo wao. Manje ali m'selo ku boma, ine ndatsala ndi Mwiza, mwana wa miyezi isanu amene sadziwa china koma bere.

Ine ndimapemphera kuchalichi cha makolo anga. Damaris analowa kampingo ka anthu ovala zoyera chaka chatha. Ndi ochepa, alibe ndi nyumba yopemphereramo. Mvula ikayandikira amakwera phiri kukapempherera mbewu, aliyense ndi ndodo yake yaitali. Sindinamuletse. Ndinati bola munda usosedwe, ndipo anasosa. Lolembalo pokakwera phiri, mwana anamusiyira mlongo wanga, akuti abwera dzuwa lisanalowe.

Phirilo lili m'dera la nyama. Asikauti ataona utsi ndi anthu a ndodo anayesa ndi opha nyama mozemba. Anafufuza, sanapeze mfuti, waya, ngakhale fupa. Anawatengabe, ndipo ku boma nkhani yasintha. Manje akuti mpingo wao ndi wosalembetsa.

Apa ndiye pandisokoneza. Kodi mpingo amalembetsa monga chigayo? Pa wailesi anatiuza kuti dziko lino ndi lachikhristu. Nanga awa ndi ndani? Baibulo la Damaris ndinalitsegula kuti ndione ngati muli zina. Ndi limodzimodzi ndi langa, kungoti lake ndi lakutha kwambiri.

Lachiwiri ndinakwera lole kukamuona. Wapolisi wina, ataona kuti diresi lake lanyowa ndi mkaka pachifuwa, anati, "Mayi uyu atha kupita, bola pabwere anthu awiri omuimira." Mtima wanga unakhala pansi. Koma Damaris anati, "Atate ake Mwiza, lamulo lathu mulidziwa. Okwera phiri pamodzi amatsika pamodzi. Ndikatuluka ndekha pemphero lonse lathyoka." Ine ndinati, "Nanga mwana ayamwa pemphero?" Analira, koma sanasunthe.

Mwiza tikumupatsa phala lamadzimadzi. Akulavula, ndipo dzulo wayamba kutsegula m'mimba. Amalume anga a Robson akuti ndikauze apolisi kuti mkaziyu mutu wake suyenda bwino, amutulutse afune asafune. Akuti wamisala sasungidwa m'selo.

Ndithandizeni. Kupemphera m'tchire ndi mlandu? Nanga mau a amalume ndiwatsate? Kalatayi ndapatsa dalaivala wa lole ya thonje, abwerera kuno Loweruka.

T.G., Tembwe

*

Atate ake Mwiza,

Yankho ili ndapatsa dalaivala yemweyo, chifukwa mwana wotsegula m'mimba sadikira nyuzipepala.

Yambani ndi mwana. Mukangowerenga, pitani naye kukiliniki. Akakupatsani timapaketi ta shuga ndi mchere tosungunula m'madzi owiritsa. Kenaka mutengeni, inu ndi mlongo wanu, mupite naye kwa amake. Mwakhala mukulimbana ndi kubweretsa mayi kwa mwana, osaganiza zopititsa mwana kwa mayi. Pemphani wamkulu wa apolisi kuti Damaris ayamwitse. Wapolisi amene anaona mkaka pa diresi sadzavuta kumva zimenezo.

Manje mafunso anu. Kupemphera si mlandu, kaya m'chalichi cha malata, kaya pansi pa mtengo. Malamulo aakulu a dziko amalola munthu aliyense kupembedza monga mtima wake ufunira, ndipo mau aja a pa wailesi sanasankhe mipingo yoti ikhale ndi yoti ithe. Kulembetsa kulipodi. Magulu amalembetsa kuboma kuti adziwike, koma imeneyo ndi ntchito ya atsogoleri a mpingo. Ngati apolisi akuona kuti pali mlandu, autchule ndipo atengere anthuwo kukhoti msanga. Afunseni mwaulemu: mlandu wake ndi uti, ndipo kukhoti ndi liti? Muwafunse pali mboni, monga mphunzitsi kapena mbusa wanu.

Za lamulo la phiri, musakangane nalo, simudzapambana. Lili ndi mwini wake. Mtsogoleri wao ali m'selo momwemo, sichoncho? Pemphani kulankhula naye, mwana ali m'manja. Mumufunse ngati Mulungu wao amafuna kuti khanda lidwale pofuna kusunga pemphero la mbewu. Amene anamanga lamulo ndiye angalimasule, ndipo Damaris adzamva mau ake kuposa anu. Chinanso, anthu enawo ali ndi abale. Yendani m'makomo mwao, banja lililonse lipeze anthu awiri okhala ndi zitupa zao okaimira munthu wao. Akatuluka onse tsiku limodzi, atsika pamodzi monga afunira.

Koma za amalume anu, ayi. Kunama kupolisi ndi mlandu weniweni, woposa umene akuti mkazi wanu wapalamula. Ndipo m'selo adzatulukamo posachedwa, pomwe dzina la wamisala limakhala. Azimayi adzamunong'ona kuchitsime, kusukulu ana adzanena Mwiza kuti amake ndi openga, ndipo Damaris akadzafunsa amene anayambitsa, adzamuuza kuti ndi mwamuna wake.

Aphungu