Kapitawo Wadothi

Makhanga,
Nsanje.
14 Okutobala.

Okondedwa achimwene a Gilbert,

Ndiyambe ndi kufunsa za moyo wanu ku Joniko, pamodzi ndi alamu ndi ana. Msana uja ukukulolani kugwira ntchito? Kuno tilipo, kungoti dzuwa la chaka chino likutiwotcha ngati tinalilakwira. Flossy wanga anachira mu Ogasiti, mwana wamwamuna, onse ali bwino.

Kalatayi ndalemba pamanja dala. Pa foni mumandidula pakamwa, ati muli pantchito, ndiye nkhani iyi sindikufuna muidule. Khalani pansi muwerenge mpaka kumapeto. Mukafuna kundikalipira, mundikalipire mutamaliza.

Ndi nkhani ya chipilala chija cha pamphambano yopita kudoko, cha Bwana Peniriki wa esiteti ya thonje. Zaka makumi awiri muli kunjako, kaya mukuchikumbukirabe. Pamwamba pali nkhope yake yamkuwa, pansi pake analemba kuti ndiye anatsegula dera lino, ndipo pansi penipeni pali dzina la galu wake, Juno. Galu, achimwene. Anthu amene ankamunyamula pamachila palibe ndi mmodzi yemwe.

Mukudziwa kuti mmodzi wa anthu amenewo anali agogo a Hilario, bambo awo a bambo athu a Geresomo. Anagwa ndi mtanda wa machila paphewa m'dzuwa la mwezi ngati uno, kapitawo n'kuwakwapula ndi chikoti kuti adzuke, osadzuka. Kunyumba kunangofika mawu oti anawasiya kutchire ndipo afisi anamaliza. Bambo anali ndi zaka zisanu ndi chimodzi.

Mukukumbukira mmene bambo ankachitira tikamapita kutchalitchi? Tikafika pachipilalapo ankalavulira patsinde pake, n'kuwolokera tsidya lina la msewu. Lamlungu lililonse, mpaka miyendo inawakana. Tsiku lokumbukira akufa anzathu akamakasesa kumanda, iwo ankangokhala pakhonde chipewa chili pamaondo.

Pamaliro awo inu simunabwere. Sindikukunenani, za mapepala anu ndinazimva. Koma ine ndi amene ndinali pamphasa pamene ankatsirizika, ndipo mawu amene ankabwereza ndi oti galu ali ndi dzina, bambo awo alibe manda. Mawu amenewo ndimagona nawo, ndimadzuka nawo.

Tsono madzi osefukira aja anakokolola dothi patsinde, chipilala n'kupendekeka. Ine ndinati Mulungu wayankha. Achinyamata anafuna kuchimaliza ndi zingwe, koma komiti ya chitukuko inaitanitsa msonkhano pabwalo la mpira. Wapampando ndi a Jeremiya, aja makolo awo anachokera ku Chikwawa, a khutu lodulidwa nsonga lija analumidwa ndi mkazi wawo woyamba.

A Jeremiya anati mbiri sitifufuta. Anati adzukulu a mzunguyo alemba kalata, atumiza matumba a simenti oti tilimbitse tsinde, ndipo alendo azidzaima pano kujambula. Ine ndinaimirira n'kufunsa ngati simentiyo ikwanire kulembanso dzina la Hilario.

Abale inu, zimene anandiyankha! Anati ndikhale pansi, dzina limenelo mulibe m'buku lililonse. Anati anthu ngati amenewo anali othawa kwawo ku Mozambiki, ongotoleredwa panjira, ndipo mwina anagwa ndi kachasu. Ena anaseka. Munthu woti makolo ake omwe anabwera kuno atasenza katundu wa azungu pamutu, lero akutinena ife otoleredwa! Ndipo dera lonse likudziwa kuti kapitawo wa chikoti uja anali agogo awo enieni.

Ndinakhala pansi, inde. Koma mumtima ndinalumbira pali malemu bambo kuti munthu ameneyu adzasekedwa pamalo pomwepo, ine ndikuona.

Pamsonkhanopo panali Luisa, mwana wa a Sebastiano a ku Marka, amene anaphunzira zojambula ndi zoumba ku koleji. Iye anapempha kuti ngati chipilala chikhale, amulole kuika ntchito yake pambali pake. Komiti inalola kuti achinyamata atonthole. Mawa lake Luisa anafika kwathu panjinga, ati wamva kuti mbiya zanga sizidontha.

Maganizo ake anali oti tiumbe amuna anayi, akuluakulu ngati anthu enieni, atakhala pansi kupumula, mtanda wa machila atautaya apo, misana atalozetsa kuchipilala. Ndinakondwa. Koma anati tisawawotche, mvula ikabwera asungunuke, kuti anthu aone mmene anaiwalikira. Ndinamuuza kuti nkhabe, sizitheka, mwanawe, zimenezo ukachite kwanu. Agogo anga anasungunuka kale kamodzi, sindingawaumbe ndi manja angawa kuti asungunukenso. Anagonja, anati tiwotcha.

Tinagwira miyezi itatu. Munthu wadothi sungamuumbe wathunthu, amaphulika pamoto. Umaumba zigawozigawo ngati mbiya, m'kati mopanda kanthu, miyendo payokha, chifuwa pachokha, n'kudzalumikiza zitapsa. Dothi tinkakatapa kumtapo kuja ankatapa mayi. Nkhope ya agogo a Hilario ndinatengera chithunzi chanu cha paukwati, poti bambo ankati chipumi ndi mapewa munatengera iwowo. Musadabwe mukadzadzipeza mutakhala pansi pamphambano.

Tsopano imvani chimene ndinachita, chimene Luisa sankachidziwa.

Iye akapita, ndinkalowa m'khitchini n'kumaumba munthu wachisanu. Wogwada, chikoti m'manja, khosi atalitukula ngati akudikira kuti amuponyere fupa. Nkhope sindinavutike nayo. Lamlungu lililonse ndinkakhala kumbali ya amayi moyang'anana ndi a Jeremiya, anzanga akutsatira ulaliki, ine ndikuloweza mlomo wam'munsi wolendewera uja, mpata wa m'mano, ndi khutulo. Ndikuvomera, Misa khumi ndi ziwiri sindinamve Uthenga ndi umodzi womwe.

Mayi ankati usamaumbe uli wokwiya, dothi limamva ndipo mbiya imang'aluka pamoto. Ine ndinaumba mano ali gwa, ndipo anatuluka pamoto wopanda mng'alu ndi umodzi womwe. Pomugogoda ankachita kulira ngwe!

Tsiku lotsegulira linali Loweruka lapitalo lija, m'mawa. Kunadzaza anthu, kwaya, ana asukulu, ena ochokera kwa Mlolo konse. Zoumba zonse tinaziphimba ndi zitenje. Wachisanuyo ndinabwera naye pangolo wophimbaphimba, n'kumuika patsinde pa chipilala, pafupi ndi dzina la galu. Luisa atafunsa ndinamunamiza kuti ndi mtsuko wa madzi woti amuna aja azimwera.

Wovundukula anali wapampando mwini wake, atavala jekete m'dzuwa limenelo. Anavundukula woyamba, anthu m'manja. Wachiwiri, wachitatu. Pa agogo a Hilario amayi ena achikulire anafuula kuti uyu ndi Gilbert wa a Geresomo, ndipo ine misozi inalengeza. Kenaka a Jeremiya anawerama n'kukoka chitenje chomaliza.

Iwo anayang'ana dothi, dothi n'kuwayang'ana. Ndiye wakabaza wina kumbuyo anakuwa kuti a tcheya agwadira galu. Achimwene, chiseko chake! Akwaya anachita kugwirana, ana asukulu kugubuduka m'fumbi, mafoni onse m'mwamba. Ine ndinaima chilili manja m'chiuno, ndipo sindikubisirani, mtima wanga unazizira ngati ndamwa madzi a mumtsuko.

A Jeremiya anamenya mutu wadothiwo ndi ndodo yawo, ndodo n'kuthyoka. Anthu anasekanso. Anatola mwala n'kuyamba kuphwanya, thovu kukamwa, akukalipa. Ndipo m'kukalipamo ndi mmene zinatulukira.

Anati tikuseka chiyani anthu osayamika. Anati kapitawo ameneyo ndiye anachitira chifundo Hilario wathuyo, anabwerera madzulo ndi khasu n'kumukwirira pompo pamene anagwera. Anati patapita zaka, azungu atafuna malo omangapo chipilala, agogo awo analoza pomwepo kuti nkhaniyo ife. Analoza pansi ndi chala, katatu, akuti ali apa, apa, apa.

Chiseko chinathera pomwepo. Ine ndinangozindikira ndakhala pansi m'fumbi.

Mwamva, achimwene? Kunalibe afisi. Agogo ali pansi pa chipilala. Bambo athu, zaka zonse zija, ankalavulira pamanda a bambo awo. Ankawoloka msewu kuthawa malo okhawo amene akanagwadapo.

Ndipo a Jeremiya ankadziwa. Anamva kwa bambo awo ali mnyamata. Ankawaona bambo akulavula, n'kumawapatsa moni wa mtendere m'tchalitchi. Ankawaona atakhala pakhonde tsiku la akufa. Pamaliro ananyamula nawo bokosi, n'kudya nawo. Mawu awiri okha akanawauza nkhalamba ija isanatseke maso, koma anasankha kusunga ulemu wa chikoti cha agogo awo.

Abambo mfumu anabwera Lachiwiri kudzandiuza kuti ndinachititsa manyazi munthu wamkulu pagulu, ndikapepese. Ndinawalandira bwino, ndinawapatsa mpando. Ndinawauza kuti tchimo la Misa khumi ndi ziwiri ndidzalapa, koma kwa a Jeremiya ndidzapepesa tsiku limene adzadzutse bambo n'kuwaonetsa manda. Munthu mmodzi yekha ndinamupepesa ndi Luisa, poti ndinamunamiza pantchito yake. Anakhala masiku anayi osandiyankhula. Dzulo wabwera ndi kachidutswa ka dothi atadindapo dzina la Hilario, ati tiwotchere limodzi.

Tsono vuto ndi ili. A Jeremiya atembenuka, akuti anangoyankhula ndi mkwiyo, pansipo palibe munthu. Akufulumizitsa amisiri kuti athire simenti sabata yoyamba ya Novembala, mvula isanayambe. Akuti akumba pang'ono, aika zitsulo, athira chimwala chachikulu kuzungulira tsinde lonse. Akatero ndiye kuti agogo tawataya kachiwiri, ndipo ulendo uno tikuona.

Ndinapita kwa akuluakulu a mudzi. Anandimvera chisoni, koma anati mwambo ndikuudziwa: ine ndine mwana wamkazi, ndinakwatiwa kwina, nkhani ya manda a kwa bambo sindingaiimire. Pakufunika mwana wamwamuna wa a Geresomo aime pamalopo ndi miyendo yake, anene pamaso pa anthu kuti apa ndi pamanda athu. Akatero palibe mmisiri wa kuno angayerekeze kuponyapo fosholo. Ndinafunsa ngati foni ingakwanire. Anati manda salozera pa foni.

Mwana wamwamuna wa a Geresomo ndinu nokha, achimwene.

Ndikudziwa mudzati mapepala, mudzati mukatuluka mwina sadzakulolani kulowanso, mudzati abwana. Zonsezo ndazilingalira, ndipo sindikuzichepetsa. Koma pa bambo tinakukhululukirani chifukwa panali ena onyamula. Apa palibe wina.

Musaganize kuti ndikukuitanirani kudzalira kokha. Mukadzanena mawu anuwo, chipilalacho chidzagwa. Osati ndi thirakitala, ingatiphwanyire mafupa, koma ndi zingwe ndi manja, pang'onopang'ono, chigwere kumsewu. Achinyamata alonjeza kale, zingwe zili kwathu kuseri kwa chitseko. Zidutswa zake ndapempha ndine, ndikufuna ndikayale pansi m'khola la nkhumba. Nkhope yamkuwayo aitenge adzukulu ake ngati akuifuna. Dzina la galu lokha lidzatsale, galuyo sanatilakwire.

A Jeremiya ndikufuna adzakhalepo, kutsogolo, jekete lawo lomwelo. Ndipo ngati akuganiza kuti anathana nane ndi mwala uja, auzeni anthu akuno amene mumacheza nawo pa foni kuti mutu wina ukuuma kale m'khitchini mwanga. Akaphwanya uwo ndiumba wina. Dothi kumtapo silinathe.

Dzulo madzulo ndinapita pamphambano ndi tsache. Ndinasesa patsinde ponse, pamene bambo ankalavulira paja, ndinathirapo madzi. Ndinawauza agogo kuti ndine Priska, mwana wa Geresomo wawo uja anamusiya ali wamng'ono, ndipo kuti mdzukulu wawo wamwamuna ali m'njira. Ndinalonjeza m'dzina lanu musanavomere. Musandisandutse wabodza pamaso pa akufa.

Tsiku lokumbukira akufa ndi pa 2 Novembala. Mufike lisanakwane. Musavutike ndi zogulagula, bwerani ndi mapewa anuwo basi. Agogo anamunyamula mzungu ameneyu ali moyo, ndipo akumunyamulabe mpaka lero. Bwerani tidzawatule.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Emmanuel ndi Jenifer, muwauze kuti azakhali awo sanapenge. A Flossy ndi amuna awo akuti moni wambiri. Mulungu akusungeni pantchito, akutsegulireni njira pachipata, ndipo akufikitseni kuno muli wamphamvu. Takhuta, zikomo powerenga mpaka pano osandidula.

Ndine mlongo wanu,
Priska Geresomo.