Mbewu Yofuna Chisanu

12 Novembala 2023

Adzasesa ndani? Funso la amayi pa foni dzulo. Lero landitsatira mpaka kumanda. Aliyense amene waika m'bale wake m'dziko la eni amayenda nalo funso limeneli, kungoti sitilitchula.

Achemwali a Scholastica agona kuseri kwa Tallaght, m'munsi mwa mapiri. Basi kuchokera ku Crumlin kumene ndimakhala, basi ina, kenako wapansi. Nkhata za pa maliro zavunda. Zapulasitiki zauluka ndi mphepo. Ina ndaipeza pa manda a mzungu wosamudziwa, ndachita manyazi kuitenga. Ndaitengabe.

Kwathu ku Thondwe mwezi uno amuna amapita ndi makasu kukalambula kumanda, akazi pambuyo ndi matsache. Kuno ine ndekha. Sikolashipu itha Seputembala 2025, ndiye ndibwerere kukagwira choko. Alamu a Manfred, amuna awo a malemu, sanapondeko chiikireni maliro. Ukangotchula manda amadzuka kukayang'ana ketulo.

Maganizo anga: duwa lodzuka lokha chaka ndi chaka, losadikira munthu. Ku ofesi ya kumanda akuti m'kati mwa simenti yozungulira manda ndi mwathu, tingabzalemo. Ndagula kapaketi ka mbewu. Dzina lake akwilejiya. Pachithunzi, duwa lofiirira mobiriwira, loweramitsa mutu ngati munthu wopemphera. Achemwali akanaseka, akanati maluwa sadyedwa.

19 Novembala 2023

Ndafesa. Mathireyi awiri, dothi logula la m'thumba. Njere zakuda, zonyezimira, zazing'ono ngati utitiri.

Ndilembe monga ndingafotokozere ana a Fomu 2, kuti nanenso ndimve. Zomera zina zili ngati chimanga: kumera, kubereka, kufa, nyengo imodzi yatha. Zina zili ngati udzu wa m'dambo. Moto upite, pakhale lupsa lokhalokha, koma pansi muzu uli moyo, ukudikira nthawi yake. Duwa ili ndi la gulu lachiwirili. Ndi chifukwa chake ndalisankha.

Pa paketi alemba kuti thireyi ikhale panja nyengo yonse yozizira. Ndaseka ndekha. Panja pake pati, kuno kumene mphepo imalowa mpaka m'mano? Bambo ankapachika mbewu ya chimanga pamwamba pa moto, mu utsi, pofunda. Mbewu ndi khanda, silisiyidwa pa mphepo. Ndaika onse awiri pafupi ndi hita ya kukhitchini, ndafunditsa chitenje cha achemwali.

9 Januwale 2024

Palibe chamera. Pamwamba pa dothi chuku choyera. Tintchentche ting'onoting'ono ponseponse.

Lachisanu ndili ku laibulale, Yande, mnzanga wa nyumba, namwino wa ku Zambia uja, anatulutsa thireyi imodzi n'kukaiika panja, kuseri kwa mabini a zinyalala. Akuti pa tebulo panalibe poika mbale. "Ba Vivian, nchenche zanu zingena mu tiyi. Mbewu zija zinafa kudala, muvomere chabe." Ndinamuyankha mawu oipa. Si iye ndinkamukalipira, naye anadziwa. Anandiphikira tiyi, wa ntchentche zake zomwezo.

M'mawa uno ndakaiona. Dothi lauma gwa ngati mwala, madzi aundana pamwamba. Ndinalibe mphamvu zoinyamula. Ikhale.

Mutu wachitatu wa pepala langa la kafukufuku wabwezedwa ndi inki yofiira. Bilu ya gasi yabwera, sindinaitsegule. Mdima 4 koloko masana.

21 Malichi 2024

Zamera! Osati za pa hita. Za kuseri kwa mabini.

Ndimakataya zinyalala, ndangoona timasamba tiwiritiwiri, tobiriwira, thireyi yonse. Ndagwada pa simenti yonyowa ndi zovala za kusukulu. Ya m'nyumba, imene ndaithirira madzi ofunda miyezi yonseyi, dothi lokhalokha lonunkha.

Ndawerenga tsopano mofatsa. Njere imeneyi ili ndi tulo take. Ikagwa pansi dzuwa likadalipo, siyenera kumera msanga, chifukwa kammera kanthete kangapse ndi chisanu. Ndiye imadikira. Iyambe yanyowa, izizidwe kwa masabata ambiri, kenako kukayamba kufunda ndi pamene imadziwa kuti zoopsa zadutsa. Yosazizidwa imayesa chisanu chikadali m'tsogolo, imangogonabe. Ine ndi chifundo changa ndinazimana chinthu chokhacho chimene zinkafuna.

Yande wati ndimugulire chibuku cha ulemu. Ndamugulira mabisiketi.

2 Juni 2024

Ndawokera kwa achemwali lero.

Zatsala zochepa. Nkhono zopanda chigoba za kuno zinadya zambiri mu Epulo, mmera wonse kusanduka timitengo. Ndinaphunzira kukweza miphika yobzalamo pa njerwa ndi kuzitola m'mawa ndi supuni. Muzu wake ndi umodzi wautali, wolunjika pansi, sufuna kugwedezedwa. Powokera uyenera kutenga ndi dothi lake lomwe, kutsindira ndi zala pang'ono, kuthirira. Ndabzala mizere iwiri. Kamodzi kofooka, kamasamba achikasu, ndakasiya mu mphika pa khomo lathu. Ku manda sikangalimbe.

Chaka choyamba sizichita maluwa. Mphamvu zonse zimapita ku muzu. Maluwa ndi Meyi wa chaka chamawa. Ndidzawaona kamodzi, kenako ndege.

Alamu ndinawaona pa Misa sabata yatha. Jekete yawakulira. Akuyendetsabe vani ya katundu. Ndinati, alamu, ndinali kwa achemwali. Iwo: "Amayi ali bwanji kumudzi? Mwendo uja?" Za maluwa sindinathe kuwauza. Ndidzawauza akadzamasula.

22 Seputembala 2024

Chaka chatha chimwalirireni achemwali. Misa ya chikumbutso, anthu ochepa, ambiri ali pa shifiti. Alamu anatiperekeza pa galimoto mpaka pa geti ya kumanda, n'kutsala m'katimo, manja pa chiwongolero. Sindinawakakamize.

Masamba akula bwino, atambalala, obiriwira motuwira. Mvula ikagwa madontho amakhala pamwamba ngati mikanda. Ndajambula, ndatumizira amayi pa foni ya mdzukulu wawo.

Yankho lawo: "Vivian, tchire ili pa manda a mwana wanga, iwe uli konko?" Ndafotokoza. Muzu, chisanu, Meyi. Ndafotokozanso kachiwiri, pang'onopang'ono. Amayi: "Duwa lopanda duwa ndi udzu." Kwa iwo manda osamalidwa ndi dothi loyera, losesedwa, loonekera mizere ya tsache. Sindingawatsutse. Nanenso ndinakula ndikuona choncho.

15 Disembala 2024

Zauma zonse. Masamba abulauni, ogona pansi, onyowa. Wodutsa angati zafa.

Ndinadziwiratu, ndinawerenga, ndinafotokozera ngakhale Yande. Komabe nditaona ndinakhala pa simenti n'kulira. Ndafukula pang'ono ndi chala pa tsinde. Pansi pake kamutu kolimba, kofiirira. Kali moyo. Ndakwiriranso.

Zala zachita dzanzi mpaka ku Crumlin.

6 Epulo 2025

Zadzuka. Mu Malichi timasamba topiringizika ngati nkhonya ya khanda, lero mapesi afika m'bondo, nsonga zili ndi timitu ta maluwa. Palibe anathirira, palibe anapalira. Ndi chimene ndinkafuna. Ndawauza achemwali mokweza kuti ndikapita sadzakhala pa mtetete.

Masabata ochepa. Ndidzawatenga alamu pa dzanja, afune asafune.

Pepala lapita kwa oyesa. Tikiti ndayang'ana, sindinagule.

19 Epulo 2025

Loweruka Loyera. Foni ya alamu masana. Mawu amene sindinawamve chimwalirireni achemwali, opepuka, ngati a mnyamata.

"Mlamu, ndapitako."

Amayi anawaimbira Lachinayi. Anawauza kuti manda a mkazi wawo amera tchire, kuti Pasaka asawapeze choncho, kuti mwana wawo sanakwatiwe ndi mtengo. Alamu sanagone. M'mawa anakagula khasu ndi tsache.

"Ndalambula ponse, mlamu. Udzu wake wovuta, mizu yayitali ngati karoti. Koma ndazula umodziumodzi, sudzameranso. Ndayankhula naye Scholastica. Ndakhala mpaka dzuwa kupendeka."

Ndinati zikomo alamu, mwachita bwino. Mawu anatuluka okha.

21 Epulo 2025

Ndapita kukaona.

Dothi loyera. Losalala. Mizere ya tsache yokhotakhota bwino, ngati pa bwalo la kwathu m'mawa wa Khirisimasi. Ntchito ya munthu wachikondi, palibe angakane. M'bini ya pa geti mapesi anga, ofota, timitu tikadali potseka. Ndatola umodzi, muzu wadulidwa pakati. Sungabwerere.

Amayi alandira chithunzi kuchokera kwa alamu. Akuti analulutira. Andiimbira: "Waona? Mwamuna ndi ameneyo."

Chaka ndi theka. Ndinafunsa kuti adzasesa ndani. Wasesa.

25 Meyi 2025

Kofooka ka pa khomo kaja kamasula. Maluwa ochepa, ofiirira mobiriwira, mitu pansi, kumbuyo kwake tinyanga tokhota. Okongola kuposa pa paketi. Ndimawadutsa osawayang'ana.

Yande akuti ndiwauze alamu. Ndi zosavuta kunena. Ndikawauza, adziwa kuti ulendo wawo woyamba kwa mkazi wawo anakazula maluwa ake. Munthu amene zinamutengera nthawi yonseyi kuti alowe pa geti. Angathe osadzapondakonso. Ndikapanda kuwauza, chilichonse chimene ndingabzale adzachilambula chaka chamawa, mokhulupirika, ndi khasu lomwelo. Ndipo vani ikadzawatengera ku Cork kapena kwina, padzatsala dothi ndi udzu weniweni.

Panopa akupita Lamulungu lililonse. Anenepako.

20 Julaye 2025

Ndawauza.

Maluwa atayoyoka panatsala tizikho touma, tolira ngati maseche ukagwedeza. Ndinakutumulira njere mu envelopu. Dzulo ndinanyamula mphika ndi envelopu pa Luwasi, sitima ya m'tauni, mpaka ku Tallaght.

Ndinayamba ndi mathireyi, hita, Yande ndi ntchentche zake. Anaseka. Nditafika pa mizu yonga karoti anasiya. Anayang'ana masamba a mu mphika nthawi yaitali, anagwira limodzi. Anadzuka kupita ku ketulo. Madzi anawira, inazima yokha, iwo ali chiimire.

"Ndiye ndinapha maluwa a mkazi wanga."

Ndinati ayi alamu, munasesa manda a mkazi wanu, wolakwa ndine amene sindinanene. Sanamve. "Bwererani nazo, mlamu. Manja anga awa si a maluwa."

Ndabwerera nazo.

31 Ogasiti 2025

Mayeso a pakamwa ndakhoza. Yande wavina m'khitchini. Ine mtima zii.

Kwa achemwali udzu wamera, weniweni tsopano, wa minga ndi wa maluwa achikasu a m'mbali mwa msewu. Mizere ya tsache inafufutika kalekale. Alamu sanabwereko chiwauzireni. Foni sayankha. Pa Misa amakhala kumbuyo, amatuluka nyimbo yomaliza isanathe.

Ndazula ndi manja. Ndinali ndi mphika m'chikwama, ndikanatha kuwokera pompo. Sindinatero. Ndikabzala ine, padzakhala duwa popanda munthu. Kale ndinkayesa kuti zimenezo n'zokwanira. Koma ndinawamva mawu awo tsiku la khasu lija, ndipo ndine ndawatsekera geti.

Pobwerera ndadzera kwawo. Ndagogoda, zii, ngakhale vani inali panja. Ndasiya pa khomo mphika, envelopu, thireyi ndi dothi lotsala.

14 Seputembala 2025

Masutikesi atsekedwa. Chitenje cha achemwali pamwamba. Ndege mawa.

Dzulo ndinakatsanzika. Udzu wayambanso. Ndawapepesa achemwali, sindikudziwa kuti pa chiyani makamaka.

Masana ano, ndikukolopa m'chipinda, foni. Uthenga wa alamu, woyamba chichokereni Julaye. Chithunzi: thireyi pa khonde, dothi lotsindiridwa bwino, mizere yowongoka ngati ya fodya pa nazale. Pansi pake: "Ndafesa theka. Kunja kwayamba kuzizira. Ndilowetse m'nyumba?"

Ndakhala pansi ponyowa pomwepo. Za manda sanatchule. Mwina sadzapitako. Mwina nkhono zidzadya zonse. Ndinayamba kulemba zambiri, za tulo ta njere, za muzu, za chaka choyamba, ngati ndili pa bolodi. Ndafufuta. Ndatumiza izi:

Ayi alamu, isiyeni panja. Mvula iinyowetse, chisanu chiigwire, musaimvere chisoni. Mudzaona ngati palibe chikuchitika mpaka Malichi, ndi mmene zimakhalira. Theka latsalalo, tsiku limene mtima udzalole, mukaliwaze nokha kwa achemwali, pamwamba pa dothi, osakwirira kwambiri. Tsache mutenge, khasu mulisiye. Mungoyesa chabe, alamu.