Chotupa cha Sharka

1 Malichi, Lachitatu

Tsiku la ulusi. Azakhali a Donka, eni nyumba, akwera masitepe m'mamawa kudzandimanga martenitsa padzanja. Ulusi wofiira ndi woyera, mfundo ziwiri. Akuti ndisavule mpaka nditaona dokowe, ngati kuti ndabadwa dzulo. Ulusi wina anabweretsera Sharka. “Mphakayu nayenso ndi wa m'nyumba muno,” anatero.

Pomumanga m'pamene ndachipeza. Ndinamugoneka chagada pamiyendo, chala n'kugunda kanthu pamimba, pafupi ndi bere. Kolimba. Ngati nyemba. Iye alibe nazo ntchito, kumangondinyambita.

Ali ndi zaka khumi ndi chimodzi. M'nyumba ya mwamuna wanga Kostadin ndinatulukamo ndi iyeyu ndi chikwama chimodzi basi.

Mathalauza anayi ofupikitsa. Ndasoka awiri okha.

3 Malichi, Lachisanu

Tchuthi, paliponse potseka. Ndachigwira kasanu lero. Sichinachoke, chingapite kuti?

Kostadin amadziwa kuti ndili ku Germany kwa mchemwali wanga Rumyana. Miyezi isanu ndi itatu akukhulupirira zimenezo, chonsecho ndili mu Plovdiv momwemu, kutsidya kwa mtsinje, mphindi makumi awiri pa takisi yake. Azakhali a Donka amadziwa kuti ndine wamasiye. Tsiku loyamba lomwe anandifunsa za mwamuna, pakamwa panga panangotuluka kuti anamwalira. Mpaka pano amamuyatsira kandulo kutchalitchi.

Dokotala wa ziweto amene ndimamukhulupirira ndi mmodzi, a Yaneva. Amamudziwa Sharka kuyambira ali kamwana. Koma chipatala chawo chili kudera lakale lija, misewu itatu kuchokera pamene Kostadin amaimika galimoto.

6 Malichi, Lolemba

Ndapita. Mabasi awiri, mpango mpaka pamphuno, dengu pamiyendo.

A Yaneva sabisa mawu. Akuti mwa amphaka zotupa za pamenepa nthawi zambiri si zabwino. Kuchotsa msanga, mzere wonse wa mabere. Koma mtima wa Sharka uli ndi kaphokoso, ndipo pa msinkhu wake mankhwala ogonetsa akhoza kumugonetseratu. Tikasiya, miyezi. Tikadula, mwina zaka ziwiri. Mwina.

“Chisankho ndi chanu, mayi Nevena.”

Changa! Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi sindinasankhepo ngakhale mtundu wa makatani, lero ndisankhe za moyo.

Andisungira malo pa 16, eyiti koloko m'mawa. Potuluka ndauza mtsikana wa pakauntala kuti asinthe nambala ya foni m'kaundula, popeza yomwe ilimo ndi ya Kostadin. Chilichonse chinali m'dzina lake: foni, khadi la kubanki, ngakhale mphaka. Walemba yanga pa kapepala n'kumata pa kompyuta. Akuti ndisadandaule.

8 Malichi, Lachitatu

Tsiku la amayi. Azakhali andipatsa duwa limodzi ndi banitsa yotentha, chitumbuwa chawo cha tchizi. Za opaleshoni maganizo awo ndi awa: “Ine anafuna kundidula mabondo, ndinakana, taona ndikuyenda.” Akuyenda ndithu, ngati bakha.

Sharka wathamangitsa chikulungo cha ulusi m'chipinda monse mpaka kukodwa nacho. Ndikamupereke ku mpeni ali wosangalala chonchi? Akapanda kudzuka, ndiye kuti ndamupha ndi ine. Ndikamusiya, ndamuphanso ndi ine, kungoti pang'onopang'ono.

Mtengo wa opaleshoni ndi ma leva 640. Ndili nawo. Ndimasungira loya wothetsa banja.

Madzulo anadzagona pakhosi panga monga amachitira nthawi ija ndikadzitsekera kubafa. Ndaganiza. Adulidwe.

10 Malichi, Lachisanu

Rumyana waimba masana, mawu ali pamwamba. Kostadin anamuimbira. Anamuwerengera uthenga wa pafoni pake mawu ndi mawu: Sharka, opaleshoni Lachinayi eyiti koloko, asadye kuyambira madzulo. Kenako akuti anaseka. “Ku Germany kwanuko mwayamba kutumiza amphaka ku Plovdiv?”

Akuti alipira ndi iye. Akuti wamusowa Sharka. Wamusowa! Munthu amene anamutsekera pakhonde mu Januwale, chipale chofewa chikugwa, mpaka ine nditagwada.

Ndaimba kuchipatala. Kapepala kaja kanagwa, kompyuta imatumiza yokha. Mtsikana uja ndamulalatira mpaka walira. Nditadula foni manyazi andigwira, chifukwa mawu amene ndimalankhulawo ndinawadziwa mwini wake.

13 Malichi, Lolemba

Masiku atatu osatuluka. Makatani otseka. Buledi akundigulira azakhali, ndawauza kuti ndi chimfine.

Sindinkadziwa kuti mzinda uno uli ndi matakisi achikasu ambiri chonchi. Iliyonse ikadutsa, ndimasuzumira pa kampata ka katani. Ndipo anzake a Kostadin onse a takisi amandidziwa nkhope, ena anadyapo patebulo langa.

Zipatala zina ndaimba ziwiri. China akuti pa 5 Epulo. China akuti mphaka wa vuto la mtima sagwira. A Yaneva akuti tikhoza kusintha tsiku. Zithandiza chiyani? Kostadin adzaima pakhomo pawo Lachinayi, Lachisanu, sabata yonse. Kudikira ndiyo ntchito yake.

Pafupi ndi chotupa chija patuluka kena kakang'ono. Ndakapeza lero m'mawa.

Ndikapita, andipeza. Ndikapanda kupita, Sharka awola ndikuona. Ndazungulira chipinda chino mpaka azakhali agogoda denga lawo ndi tsache.

15 Malichi, Lachitatu

Ndapeza njira. Kostadin sawadziwa azakhali a Donka.

Ndawapempha kuti apite naye ndi iwo. Chifukwa chake? Ndati ndikaona magazi ndimakomoka. Aseka mpaka kutsokomola. “Mzimayi wamkulu ngati iwe! Bwera nalo denguli.” Ndawauza katatu kuti akwere basi, osati takisi. “Takisi? Ukundiona ngati mkazi wa nduna?”

Pamenepo ndikanawauza zoona. Koma ndikanayamba bwanji, makandulo onse aja atapsa kale?

Ndamusokera Sharka kamalaya kotchinga bala, kuchokera ku mkono wa juzi yanga yakale. Mabowo anayi a miyendo. Mbale ndachotsa sikisi koloko. Wakhala pomwe imakhala, akundiyang'ana ngati ndamubera.

16 Malichi, Lachinayi

Mvula tsiku lonse.

Wadzuka! Wadzuka, mwana wanga! Afika folo koloko. Mimba yometa, ulusi wa dokotala kuchokera kukhwapa mpaka kuntchafu, maso ngati woledzera. Wandinunkhiza chala n'kugonanso. Ndalira ngati chitsiru. A Yaneva akuti masiku khumi asadumphe, asayende ulendo, asagwedezeke. Zotsatira za chotupacho zidzatuluka pakatha sabata ziwiri.

Kenako azakhali, akuvula nsapato zonyowa pakhomo panga: “Anthu abwino alipobe, Nevena.”

Akuti potuluka m'chipatala bambo wina wa takisi anawalandira dengu. “Mayi, mvula imeneyi ndi mabondo amenewa?” Anakana, iye n'kuumirira. Ndalama osalandira. Waulemu, wometa bwino. Njira yonse amalankhula ndi mphaka, kumutchula dzina. Iwo amayesa wamva kwa adokotala. Ananyamula dengu mpaka pageti, n'kufunsa ngati chipinda cham'mwamba chili ndi munthu.

Dengu. Chigwiriro chake anachimanga ndi waya ndi Kostadin yemwe, zaka zisanu zapitazo. Ndinaganizira chilichonse kupatula dengu.

Pa waya pomwepo pali martenitsa yatsopano. Sindinamange ndine.

17 Malichi, Lachisanu

Galimoto yachikasu kutsidya kwa msewu, pafupi ndi pogulitsa buledi, kuyambira seveni koloko. Ndaiona pa kampata ka katani.

Chikwama ndinalongeza kusanache. Rumyana akuti basi ya ku Sofia ilipo masana, ndituluke kuseri, mphaka ndisiyire agogowo. Ndinafika mpaka povala jasi. Sharka anayesa kudzuka kuti anditsate, miyendo n'kukana, n'kugwera chammbali m'kamalaya kake kaja.

Ndavula jasi. Ndatsika masitepe.

Ndawauza zonse azakhali: bafa, khonde, Germany, takisi. Anachotsa manja mu ufa. Kenako: “Ndiye malemu aja ndi amene anandinyamula dzulo? Koma amayendetsa bwino, munthu wakufa.” Ndaseka, iwo n'kuyamba kulira. “Chitsiru iwe, ukanandiuza! Ndamubweretsa ndi manja angawa. Ndi makandulo anga omwe!”

Akhoma geti, kiyi aika m'thumba la epuloni. Aimbira apolisi, akuti abwera. Aimbiranso mwana wa msuweni wawo, loya, ndipo Lolemba tikupita kukhoti kukapempha kuti aletsedwe kundiyandikira. Tikupita tonse, akutero, pa basi. Panopa akokera mpando pakhomo, akusenda mbatata ndi mpeni waukulu kuposa mbatatazo.

Ndikuopa. Lolemba ndi kutali.

Sharka wanyambita chambiko pachala changa, kawiri. Ulusi wa pa dengu uja ndaudula ndi sizasi, uli m'bini. Wanga ukadali padzanja, wada ndi thukuta. Dokowe ndimuona bwanji makatani ali otseka?

Ndatsegula onse awiri. Kostadin ali pomwepo, watsamira galimoto, wayang'ana m'mwamba.

Sindinachoke pawindo.